Tikulirira Derek, nanga amene anawapha awalire ndani?

Papita zaka zoposa 25 chitulukire filimu ya ku America yotchedwa American History X, koma anthu sanatope nayo. Mbadwo uliwonse umaipeza mwatsopano, ndipo mawu amene oonera amatuluka nawo amakhala pafupifupi amodzimodzi: yandikhudza mtima, yandigwetsa misozi, yandiphunzitsa kuti palibe munthu woipa mpaka kulephera kusintha. Ena amafika ponena kuti izionetsedwa m'sukulu zonse kuti ana adziwe kuipa kwa tsankho. Ine ndikuti tidekhe kaye. Filimuyi ndi yamphamvu, palibe angatsutse. Koma phunziro limene ambiri amatolamo ndi lopepuka, ndipo pena ndi loopsa kumene. Timadzuka pampando tikumvera chisoni munthu amene anapha, osakumbukako ngakhale dzina la amene anaphedwa. Kusintha kumene tikukuombera m'manja ndi kusintha kwa munthu amene sanabweze kanthu kwa aliyense amene anamulakwira.

Kwa amene sanaionere, nkhani yake ndi iyi. Derek Vinyard ndi mnyamata wachizungu wa ku Venice Beach, mumzinda wa Los Angeles, wanzeru m'kalasi komanso wodziwa kuyala mfundo. Bambo ake, omwe ankagwira ntchito yozimitsa moto, anawomberedwa ali pantchito m'dera lokhala anthu akuda. Mkwiyo wa mnyamatayu unagwera m'manja mwa Cameron Alexander, mkulu wina wofalitsa chiphunzitso cha Hitler, ndipo iyeyo anamusandutsa mtsogoleri wa achinyamata ometa mpala, aja kumeneko amawatcha skinheads. Pachifuwa anadzidinda chizindikiro chachikulu cha swastika. Usiku wina anyamata atatu akuda anabwera kudzaba galimoto pakhomo pawo. Derek anatuluka ndi mfuti nawombera mmodzi, kufera pomwepo. Wachiwiri, amene anali atavulala kale moti sakanatha kuthawa, anamulamula kuti alume konkire ya m'mphepete mwa msewu, kenako anamuponda kunkhongo. Khothi linamugamula zaka zitatu. Atatuluka, tsitsi litamera, anapeza mng'ono wake Danny atalowerera kale m'gulu lomwe lija, ndipo zotsatira zonse zikuchitika m'tsiku limodzi limene Derek akulimbana kuti amubweze mwanayo.

Pali zimene oonera akunena zoona, ndipo sindizikana. Edward Norton anasewera Derek mwaluso losowa, moti mu 1999 anali m'gulu la opikisana pa mphoto ya Oscar. Ndi zoonanso kuti munthu amasintha. Amene amati watsankho ndi watsankho mpaka kumanda akunama, ndipo bodza lawolo limathandiza magulu achidani, chifukwa mnyamata amene wauzidwa kuti kunja kulibe amene angamulandire amangokhala komweko. Vuto langa silili pa funso loti kodi Derek angasinthe. Lili pa chimene chikumusinthitsa, ndi pa chimene ife oonera tikuvomera kuti chakwana.

Tiyeni tione bwinobwino zimene zikuchitika m'ndende muja. Derek atalowa, anadziphatika ku gulu la akaidi achizungu la Aryan Brotherhood. Chimene chinayamba kumukhumudwitsa si nkhanza zawo ayi, koma kuona kuti akuchita malonda a mankhwala ozunguza bongo ndi akaidi a mtundu wa ku Mexico. Kwa iye, anzakewo anali osakhulupirika, tsankho lawo linali lamadzimadzi. Atawanyoza poyera, iwo anamutsekereza kubafa n'kumugwiririra. Ndi pamenepo, ali chigonere pabedi m'chipatala cha m'ndende atasokedwa mabala, pamene mphunzitsi wake wakale, Dr. Sweeney, munthu wakuda, anabwera kudzamuona. A Sweeney anamufunsa ngati mwa zonse zimene anachita chilipo chimene chinakonza moyo wake. Derek anapukusa mutu akulira. Apa ndi pamene oonera ambiri amalira nawo, ndipo funso limeneli ndi limene amalikumbukira kuposa china chilichonse.

Koma tamvetserani funsolo. Silikufunsa za moyo wa anyamata awiri ali m'manda aja. Silikufunsa za amayi awo. Likufunsa za moyo wa Derek. Ndipo Derek akamadzafotokozera mng'ono wake usiku uja atatuluka, akutchuladi kuti anapha anthu awiri, koma chimene akudandaula n'chakuti kuphako sikunamuchotsere mkwiyo, kunangomusokeretsa. Danny naye, pomaliza chimangirizo chimene a Sweeney anamupatsa kuti alembe, mfundo yake ndi yakuti chidani ndi katundu wolemetsa amene wachisenza ndipo moyo ndi waufupi. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza, tsankho likutsutsidwa chifukwa limapweteka mwini wake.

Mfundo imeneyi imamveka yokoma, koma ili ndi bowo lalikulu. Nanga bwanji amene tsankho linawakonzeradi moyo? Ku South Africa, lamulo la malo la 1913 linasiyira anthu akuda gawo la dziko lokwana pafupifupi 7 pa 100 alionse, ndipo lamulo la 1936 linangokweza malirewo kufika pa 13. Mabanja amene anatenga malo otsalawo sanagone m'chipatala cha m'ndende. Anakolola, anaphunzitsa ana, anasiyira adzukulu chuma. Kuno kwathu, eni maesiteti a m'mapiri a Shire amene ankagwiritsa makolo athu thangata sanaone kuti moyo wawo ukuwonongeka. Ndi John Chilembwe ndi anthu ake amene anauona ululu wake, mpaka anadzuka mu 1915. Ku Los Angeles komweko, monga m'mizinda ina ya ku America, kunali mapangano oletsa kugulitsa nyumba kwa munthu wakuda m'madera a azungu, ndipo makhothi ankawateteza mpaka 1948. Mukawafunsa anthu oterewa funso la a Sweeney, ambiri angayankhe mosabisa kuti inde, moyo wathu unakonzeka. Ndiye tidzati chiyani? Ngati chifukwa chokhacho chosiyira tsankho n'chakuti silipindulitsa, ndiye kuti likamapindulitsa lilibe vuto. Tsankho ndi loipa chifukwa cha zimene limachita kwa winayo, kaya mwini wake akugona tulo tabwino kaya sakugona.

Tsopano tawerengani anthu amene Derek anawalakwira, muone kuti filimuyi ikuwapatsa mpata wotani. Mnyamata woponderedwa pakonkire uja dzina lake ndi Lawrence. Funsani anthu khumi amene amaitamanda filimuyi, muone kuti ndi angati angamutchule. Sitiona maliro ake, sitiona kwawo, sitimva mawu a mbale wake ngakhale mmodzi. Timangomudziwa ngati wosewera basketball amene anagonja kwa Derek, ndi wakuba amene anabwera usiku. Palinso mayi wina wakuda wogwira ntchito yolandira ndalama m'sitolo imene Derek ndi gulu lake anaithyola. Anyamata ovala zobisa nkhope anamugoneka pakauntala akukuwa, n'kumuthira mkaka kumaso uku akumuseka kuti mwina ayera. Kamera ikumuonetsa pafupi, maso ali tong'o ndi mantha, ndipo ikachoka pamenepo siibwereranso kwa iye. Derek wosinthika uja sakumufunafuna, sakumutchula. Mayiyo ntchito yake m'nkhaniyi inali yotionetsa kuti Derek anali woipa bwanji, kuti tidzasangalale kwambiri akadzakhala wabwino.

Ndiye pali Lamont, mkaidi wakuda amene ankagwira ntchito ndi Derek kochapira zovala za akaidi. Kwa nthawi yaitali Derek sankamuyankha. Lamont ankangoyankhula yekha uku akupinda nsalu zofunda, nthabwala za akazi, mikangano ya matimu a basketball, mpaka tsiku lina Derek analephera kudzigwira, anaseka. Oonera amakonda ubwenzi umenewu, ndipo nawonso ndi wokoma kuuona. Koma pali kanthu kamene Lamont akunena pakati pa nthabwalazo kamene ambiri amakadumpha. Iye anagamulidwa zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa anaba wailesi ya kanema, ndipo pomugwira inagwera paphazi la wapolisi, mlandu n'kusanduka womenya wapolisi. Derek anapha anthu awiri, zaka zitatu. Tsiku lotuluka Derek akuzindikira kuti anakhala ndi moyo chifukwa Lamont ankamupepesera kwa akaidi akuda. Akumuthokoza, akutuluka pachipata, Lamont akutsala mkati. Pamenepa filimuyi yanena zoona zazikulu kuposa zonse za dziko la America, koma yazinena monong'ona, ndipo ife tazimva ngati nthabwala. Anthu akuda abwino onse m'nkhaniyi, Lamont ndi a Sweeney, alipo kuti apulumutse mzungu. Palibe amene akufunsa kuti iwowo awapulumutsa ndani.

Pali gulu lina la oonera limene okonda filimuyi safuna kulikamba. Awa saikonda chifukwa cha Derek wolapa, amaikonda chifukwa cha Derek wometa mpala. Amadula zigawo zimene iye akulalikira, n'kumagawana, n'kumati mnyamatayu ankanena zoona, anangolakwitsa njira. Sitingangoti amenewa sanamvetse, chifukwa filimu yomweyi inawatsegulira khomo. Tony Kaye, amene anaitsogolera ndiponso kugwira yekha kamera, anachokera kuntchito yopanga kanema wotsatsa malonda, ndipo luso limenelo likuoneka. Zigawo zakale za Derek anazijambula zopanda mitundu, zoyera ndi zakuda zokha, thupi lake lili nganganga, akuyenda pang'onopang'ono, nyimbo ikukwera ngati ya kwaya. Pamene akugonjetsa anyamata akuda pa basketball, woonera amapezeka akumuchemerera asanaganize. Apolisi akamamumanga, iye akutembenuka manja ali kumutu, akumwetulira ngati wapambana nkhondo. Roger Ebert, katswiri wounika mafilimu wa ku Chicago, anaona msanga kuti zigawo zokhutiritsa kwambiri ndi za gulu lachidani lija. Derek woipa ali ndi moto, ali ndi ziwerengero, ali ndi mayankho. Derek wabwino ndi wotopa, mawu ake ndi ochepa.

Ndipo palibe amene akumuyankha mokwanira. Patebulo la chakudya, pamene akukangana za Rodney King, munthu wakuda amene apolisi a ku Los Angeles anamumenya mu 1991 kamera ikujambula, amene akutsutsa Derek ndi Murray, mphunzitsi wachiyuda yemwe anali paubwenzi ndi amayi ake. Murray akuyankhula mofatsa, akudodoma, kenako akunyamuka n'kuchoka. Mlongo wa Derek, Davina, akayesa kuyankha, Derek akumugwira tsitsi n'kumukanikiza nyama kukamwa. Tikuona kuti ndi wankhanza, inde, koma mfundo zake zatsala chiimire. Mnyamata wa zaka 16 amene akuonera yekha usiku pafoni wamva ulaliki wonse wachidani, ndipo yankho lokha limene walandira ndi lakuti chidani chimatopetsa.

Mawu a Derek aja sanawapeke olemba filimu. Mu 1994 anthu a ku California anavotera lamulo lotchedwa Proposition 187, lofuna kumana obwera opanda mapepala sukulu za boma ndi chithandizo cha kuchipatala, ngakhale makhothi anadzaliimitsa. Zimene Derek akulalikira pamalo oimika magalimoto asanakathyole sitolo ija ndi zomwezo zimene zinkamveka pamisonkhano ya ndale: obwera atilanda ntchito, akudya misonkho yathu, malire athu ndi osatseka. Ife Amalawi mawu amenewa timawadziwa bwino, chifukwa ku Joni amanenera ife. Mu May 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa obwera zimene zinayambira ku Alexandra. Mu 2015 boma lathu linatumiza mabasi kukatenga abale athu amene anathawa m'nyumba zawo ku Durban. Mu 2025 gulu la Operation Dudula linkaima pazipata za zipatala kubweza anthu obwera. Mmalawi amene akugwedezera mutu ulaliki wa Derek aziyamba wadzifunsa kuti m'sitolo muja iye akanakhala ndani. Sakanakhala wovala chobisa nkhope. Akanakhala wobisala kuseri kwa mashelefu.

Tisadziyeretsenso tokha. Mu 2023, pamene boma linkasonkhanitsa anthu othawa kwawo m'matauni kuwabwezera ku Dzaleka, m'boma la Dowa, panali za malamulo zimene anthu angakambirane. Koma mawu amene ankamveka m'minibasi ndi m'misika onena za "maburundi" ndi timagolosale tawo sanali a malamulo. Anali mawu omwe aja a pamalo oimika magalimoto, atangovala Chichewa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Gulu lachitatu la oonera ndi lija limati filimuyi ikusonyeza kuti chidani chili mbali zonse, azungu ndi akuda n'chimodzimodzi. Awa amatsamira pa mathero. M'mawa mwake, Derek ataperekeza mng'ono wake kusukulu, mnyamata wakuda amene Danny anamuuzira utsi wa fodya kumaso dzulo lake akumupeza m'chimbudzi n'kumuwombera. Derek akuthamanga, akukumbatira mtembo wamagazi akulira. Opanga filimu ankafuna kunena kuti choipa chimatsata mwini, kuti munthu sungangosamba m'manja n'kuchoka. Koma taonani zimene zaikidwa pamaso pathu. Bambo anaphedwa ndi munthu wakuda. Galimoto anadzaba ndi anthu akuda. Mwana waphedwa ndi munthu wakuda, wopanda mbiri, wopanda mayi, wopanda zaka zitatu zoti tione mmene mtima wake unaumira. Mzungu wakupha tamupatsa maola awiri kuti timumvetse. Wakuda wakupha tamupatsa mphindi zochepa ndi mfuti. Nzosadabwitsa kuti ena amatuluka akunena kuti mwaona, Derek woyamba uja sankanama. Kunena kuti mbali zonse n'zofanana kumafufuta zaka za Lamont, kumafufuta mbiri yonse imene inachititsa kuti khothi limodzi liyeze anthu awiri ndi miyeso iwiri.

Kunja kwa kanema zinthu zinayenda mosiyana. Mu November 1988, ku Portland, m'chigawo cha Oregon, achinyamata ometa mpala anapha Mulugeta Seraw, wa ku Ethiopia, amene anapita ku America kukaphunzira. Anamumenya ndi chibonga chosewerera baseball pafupi ndi pomwe ankakhala. Amene anamupha anamangidwa, koma nkhani sinathere pamenepo. Bungwe la Southern Poverty Law Center linasumira Tom Metzger, mtsogoleri wa gulu la White Aryan Resistance, munthu wofanana kwambiri ndi Cameron wa m'filimu, chifukwa chotuma anthu kukasonkhezera achinyamatawo. Mu 1990 khothi linagamula kuti Metzger, mwana wake ndi gulu lawo alipire madola 12.5 miliyoni, ndipo Metzger analandidwa nyumba. Iye sanalape. Chimene chinafooketsa gulu lake si kusintha kwa mtima, koma banja la wophedwa limene linaimiridwa, ndi khothi limene linati mlandu suola.

Chaka chomwe filimuyi inatuluka, mu June 1998, ku Jasper m'chigawo cha Texas, azungu atatu anamanga James Byrd Jr. ndi unyolo kumbuyo kwa galimoto n'kumukhwekhwereza mtunda wa makilomita pafupifupi asanu mpaka kufa. Awiri mwa iwo, John William King ndi Lawrence Brewer, anali atakhalapo m'ndende, ndipo kumeneko n'kumene analowa m'gulu la azungu achidani. Amene amaonera Derek n'kumati ndende inamuphunzitsa, adziwe kuti ndende za ku America zatulutsa a King ambiri. Kuzunzika pakokha sikuphunzitsa munthu chifundo. Kawirikawiri kumangomupatsa chifukwa china chodera anzake.

Chigawo chimene ndimachilemekeza kwambiri m'filimuyi si cha misozi. Ndi chachifupi, chili chakumapeto, ndipo mulibe mfuti. Danny akukumbukira tsiku lina bambo awo akadali moyo, banja lili patebulo. Derek, akadali mwana wasukulu wa tsitsi lake, akusimba mokondwa za mphunzitsi watsopano, Dr. Sweeney, ndi buku la Richard Wright lotchedwa Native Son limene akuwerenga m'kalasi. Bambo aja, munthu wolemekezeka, wosavala swastika, akuyamba kufunsa mofatsa kuti nanga mabuku enawo alakwa chiyani. Akusimba za anthu akuda awiri amene akuti analembedwa ntchito kwawo kudumpha azungu amene anakhoza bwino. Akumulangiza mwana wawo kuti awerenge, akhoze mayeso, koma asamangomeza zilizonse. Mukuona nkhope ya mnyamatayo ikuzirala, mpaka akuvomera kuti bambo akunena zoona. Amayi atsutsa pang'ono chabe n'kukhala chete. Danny wamng'ono akumvetsera. Apa filimuyi ikutiuza kuti chipolopolo chimene chinapha bambo aja sichinabzale kanthu, chinangothirira mbewu imene iwo eni anabzala. M'mera mpoyamba. Koma chigawo chimenechi sichitchuka pakati pa oonera, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: Derek wa swastika ndi mlendo kwa ife, pamene bambo a patebulo aja timawadziwa. Ndi aja amauza mwana kuti usadzatibweretsere mkazi wa mtundu wakutiwakuti, anthu a chigawo chakuti ndi odzikonda, a uko ndi aulesi, uku akumugawira ndiwo mwachikondi.

Kusintha kwenikweni kulipo, ndipo kuli ndi maonekedwe ake. Mu 1971 ku Durham, m'chigawo cha North Carolina, anthu anaitanidwa ku zokambirana za masiku khumi zokhudza kuphatikiza ana akuda ndi achizungu m'sukulu. Otsogolera anasankhidwa awiri odana kotheratu: mayi Ann Atwater, womenyera ufulu wa anthu akuda osauka, ndi a C. P. Ellis, mtsogoleri wa Ku Klux Klan mumzindawo. Pogwira ntchito limodzi anazindikira kuti ana awo onse, a anthu osauka, ndi amene sukuluzo zinkawataya. Usiku womaliza a Ellis anang'amba khadi lawo la umembala pamaso pa khamu. Filimu ya The Best of Enemies ya 2019 imafika pachimake pamenepo, koma chofunika ndi chimene chinatsatira. Anzawo akale anawasala. Iwo anakhala zaka zambiri akugwira ntchito m'bungwe la anthu apantchito limene mamembala ake ambiri anali akuda, kuwamenyera malipiro ndi ulemu pantchito. Atamwalira mu 2005, mayi Atwater anayankhula pamaliro awo. A Ellis sanayesedwe ndi mmene ankamvera mumtima. Anayesedwa ndi anthu omwe aja ankawazunza, ndipo anthuwo ndi amene anati munthuyu wasinthadi.

Yerekezani ndi Adriaan Vlok, nduna yoona za apolisi mu ulamuliro wa tsankho ku South Africa. Mu 2006 anapita kwa Mbusa Frank Chikane, amene apolisi ake anafuna kuwapha mu 1989 powapakira poizoni m'zovala, ndipo anawasambitsa mapazi. Dziko linagawikana. Ena anati uku ndiye kulapa. Ena, makamaka mabanja amene abale awo anasowa osapezeka, anati madzi a m'beseni sakwanira, atiuze zonse zimene akudziwa, ndani analamula, mitembo ili kuti. Chaka chotsatira khothi linamupatsa chilango cha zaka khumi koma chosakagwira ukaidi. Kaya munthu aima mbali iti pa za Vlok, mabanja aja anafunsa funso loyenera, limene oonera American History X safunsa: kodi kulapaku kwabweza chiyani kwa olakwiridwa?

Ife funso limeneli si lachilendo. Pabwalo la amfumu, munthu amene ng'ombe zake zadya munda wa mnzake sangoimirira n'kunena kuti mtima wanga wasintha, anthu n'kuwomba m'manja. Mwini munda amakhala pomwepo, amayankhula, ndipo nkhani imatha pamene chipepeso chaperekedwa m'manja mwake. Tikudziwa zimenezi pa nkhani ya chimanga. N'chifukwa chiyani timaziiwala pa nkhani ya moyo wa munthu, pokhapokha chifukwa wolakwayo ndi wooneka bwino ndipo nyimbo ikulira kumbuyo?

Wina anena kuti ndikuumitsa mtima, kuti Derek anali ndi tsiku limodzi lokha, ndipo m'mawa womaliza uja anavomera, ngakhale monyinyirika, kuthandiza a Sweeney ndi apolisi kukayankhula ndi gulu lake lakale. Ndi zoona. Koma tsiku limodzilo anasankha ndi olemba, ndipo m'zaka zitatu za m'ndende munali mpata wa kalata imodzi yopita kwa mayi wa Lawrence. Palinso mfundo imene Danny akulemba yekha, yakuti akanakachitira umboni zimene anaona usiku uja, mkulu wake akanalandira moyo wonse m'ndende. Ufulu wa Derek waima pa kukhala chete kwa mboni. Munthu wosinthikadi akanavutika nazo zimenezi. Filimu sikuvutika nazo, ndipo oonera ambiri sazimva n'komwe.

Wina anenanso kuti filimu ndi filimu chabe, tisaisenzetse katundu wa dziko lonse. Koma ndi okonda filimuyi omwe amati iphunzitsidwe m'sukulu. Ngati ndi phunziro, tiyenera kuliyesa ngati phunziro. Ndipo nkhani zotere sizithera m'kanema. Zimatiphunzitsa zimene tiziyembekezera kwa wolakwa ndi kwa wolakwiridwa. Zimatizoloweza kuti ntchito ya wozunzidwa ndi kuleza mtima, kuseka, kukhululuka msanga, ndipo akakana timamuona ngati iyeyo ndiye vuto. Lamont weniweni ali ndi ufulu wosaseketsa munthu wa swastika. Akasankha kutero ndi mphatso, si ngongole.

Sindikuti musaionere. Ioneni, ndipo ngati muli ndi ana osinkhukirapo, ionereni nawo limodzi, osawasiya okha ndi ulaliki wa Derek. Ikafika pamalo oimika magalimoto paja, imitsani, muwafunse ngati mawu amenewo anawamvapo kwinakwake, ndipo ankanenera yani. Ikafika pa zaka za Lamont, imitsaninso, muwerengetsere limodzi. Ikafika patebulo la bambo aja, khalani olimba mtima kufunsa ana anu zimene amamva patebulo lanu. Ndipo wina akadzakuuzani kuti wasintha, kaya ndi wandale amene dzulo ankanyoza mtundu wa anzake pamsonkhano, kaya ndi mbale wanu, mulandireni, musamutsekere khomo. Koma mufunseni kuti wapita kale kwa amene anawalakwira, wawauza zoona zonse, ndipo wabweza chiyani. Amene wasinthadi sakwiya nalo funso limeneli, chifukwa amakhala atadzifunsa kale yekha.